Kodi maokala ndi magolosale ndiwo akubweretsa umbava m'dera?

Zikomo a Mfumu, a Khansala, a Tcheyamani a komiti ya chitetezo, amayi ndi abambo. Achinyamata mwaima kumbuyoko, senderani kuno, malo alipo, komanso nkhaniyi ikukhudza inuyo kwambiri.

Pamsonkhano uno pabwera ganizo lakuti maokala ndi magolosale onse a m'makwalala muno azitseka dzuwa likalowa, ena akuti angotsekedweratu. Zifukwa zake mwazimva. Mafoni akulandidwa pafupi ndi mashopu, ndewu zikuyambira pomwepo, anyamata akumakhala pabenchi mpaka pakati pa usiku. Amene anena zimenezi sakunama. Koma kutseka onse sikungathetse vutoli, mwinanso kungalikulitse. Ndifotokoza chifukwa chake, kenako ndinene zimene komiti ingachite kuyambira sabata ino.

Anthu ofufuza za umbanda adapeza kalekale kuti umbanda sumwazikana mofanana m'dera. Umaunjikana pa malo ochepa kwambiri. M'chaka cha 1989, Lawrence Sherman ndi anzake awiri adasindikiza zimene adapeza atawerenga mafoni oposa 300,000 amene anthu adaimbira apolisi m'chaka chimodzi mumzinda wa Minneapolis ku America. Foni iliyonse adaiika pa malo amene idachokera. Theka la mafoni onsewo lidachokera pa malo atatu okha mwa malo 100 aliwonse. Ku Seattle, David Weisburd ndi anzake adatsata milandu kwa zaka 14, kuyambira 1989 mpaka 2002. Iwo adadula misewu m'zigawo, kuchoka pa mphambano ina kufika pa mphambano inzake, ndipo adapeza kuti zigawo zinayi kapena zisanu mwa 100 ndizo zinkasenza theka la milandu chaka ndi chaka. Ndiye kuti ngakhale m'dera lotchuka ndi mbava, makwalala ambiri amakhala a bata.

N'chimodzimodzinso mukatenga malo a mtundu umodzi, kaya mabala okhaokha, mashopu okhaokha kapena malo ogona alendo. Ochepa ndiwo amakhala ndi mavuto ambiri, ochuluka amangogulitsa sopo ndi mchere osamvekako kanthu. Timati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Pa nsomba ndi zoona, koma okala ya pakona iyi siiwoletsa okala ya pakona inayo.

Palinso chinthu china chimene chimatisokoneza tikamaloza chala mashopu. Munthu samanga okala pakati pa tchire. Amamanga pamene anthu amadutsa kale, pa siteji ya minibasi ndi kabaza, pa mphambano, pafupi ndi kiyosiki ya madzi kapena chigayo. Wakuba nayenso amasankha pamene anthu amadutsa ali ndi ndalama m'thumba ndi foni m'manja. Onse awiri akopeka ndi njira imodzi. Mukachotsa okala, njira ija ikhalapobe, amayi ochokera kumsika madzulo adutsabe pomwepo, kungoti tsopano adutsa mumdima.

Mu 1979 ofufuza ena awiri, Lawrence Cohen ndi Marcus Felson, adafotokoza kuti umbava umachitika zinthu zitatu zikakumana pamalo amodzi nthawi imodzi: munthu wofuna kuba, chinthu chobeka mosavuta, ndi kusowa kwa wina aliyense woti angaletse kapena kuona. Mtima wa wakuba komiti singausinthe pa mwezi umodzi. Chachitatucho ndicho chili m'manja mwathu, ndipo okala imatha kukhala mbali iliyonse. Imatha kukhala diso la khwalala, imathanso kukhala mthunzi wa mbava. Chimene chimasiyanitsa ndi kayendetsedwe kake.

Yerekezani maokala awiri pa khwalala limodzi. Yoyamba amagulitsa ndi mayi mwini wake, ndipo amagona m'nyumba ya kumbuyo kwake. Pamwamba pa zenera pali babu, magetsi akazima amapachika nyale ya sola. Ana a m'khwalala amawadziwa mayina ndi kwawo. Mlendo akaima nthawi yaitali osagula kanthu amamufunsa kuti, "Achimwene, tikuthandizeni chiyani?" Funso laling'ono limenelo limauza munthu kuti waonedwa ndipo nkhope yake yadziwika. Yachiwiri mwini wake amakhala kutali, amabwera Loweruka kudzatenga ndalama. Wasiyamo mnyamata wa zaka 17 amene malipiro ake amachedwa. Zenera ladzaza ndi zopachika, tizipepala ta surf, majigisi, mikanda ya maswiti, moti ali mkati saona chimene chikuchitika mamita atatu kuchokera pakauntala. Pansi pa kauntala pali chigubu cha mowa woyera. Kuseri kuli kanjira kotulukira kudambo. Mnyamatayo sangathamangitse anthu aakulu amene akumwera pakhomo pake, ndiwonso makasitomala ake, ndipo akawadandaula alibe womuikira kumbuyo. Ziphaso za maokala awiriwa zikhoza kukhala zofanana ndendende, koma usiku ndi malo awiri osiyana.

Tikhalitse pa mowa, chifukwa pa zonse zimene shopu ingagulitse, mowa ndiwo umapezeka kwambiri pamene pali ndewu ndi kuvulazana. Buledi sadayambitsepo ndewu.

Mukukumbukira masacheti. Boma lidaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 chifukwa unali wotchipa kwambiri, woledzeretsa msanga, ndipo mwana wasukulu ankatha kuubisa m'thumba la yunifolomu. Chimene chidatsatira mukuchidziwa. Mowa womwewo udalowa m'zigubu za malita asanu ndi m'timabotolo tating'ono, ndipo ogulitsa ena adayamba kutapa pang'onopang'ono malinga ndi ndalama imene munthu ali nayo. Sacheti idachoka koma kagulitsidwe ka toti imodziimodzi kadatsala, ndipo kambiri kakuchitikira pa zenera la okala imene chiphaso chake ndi cha golosale basi. Kugulitsa mowa kumafuna chiphaso chakechake chochokera ku khonsolo, ndipo kugulitsa kwa mwana wosafika zaka 18 ndi koletsedwa, kaya watumidwa ndi bambo ake.

Anthu ambiri amadabwa akamva kuti malo ogulitsira mowa wotenga nthawi zina amakhala ndi chiwawa chambiri pafupi nawo kuposa bala. Ku Baltimore, ku America, ofufuza a pa yunivesite ya Johns Hopkins adapeza zimenezi: milandu ya chiwawa inkagwirizana kwambiri ndi masitolo ogulitsa mowa wokamwera kwina kuposa malo omwera mkati. Chifukwa chake si chovuta kumvetsa. Bala ili ndi chitseko, magetsi, ndi munthu amene akapanda kuletsa ndewu mipando ndi mabotolo ake zisweka. Wogulitsira pa zenera akapereka botolo, zake zathera pomwepo. Kumwa kumachitikira panja, pakhwalala, pamene palibe mwini, ndipo pomwepo ndi podutsa ana otumidwa mafuta ophikira. Mzinda wa Baltimore utakonza malamulo atsopano a kagwiritsidwe ntchito ka malo, amene adayamba kugwira ntchito mu 2017, sudatseke masitolo onse a pakona. Udauza ogulitsa mowa amene anali pakati pa nyumba za anthu kuti pofika 2019 asiye mowawo n'kumagulitsa zina, kapena asamukire kumalo a malonda. Adalimbana ndi katundu mmodzi, shopu adaisiya.

Nthawi nayo ndi nkhani. Mumzinda wa Diadema, pafupi ndi São Paulo ku Brazil, akuluakulu ataunika mabuku a apolisi adaona kuti kuphana kwambiri kunkachitika usiku, m'malo omwera mowa kapena pafupi nawo. Mu July 2002 adalamula kuti mowa usagulitsidwe ikakwana 11 koloko usiku. Kafukufuku amene adachitika pambuyo pake adawerengera kuti lamulolo linkapulumutsa miyoyo pafupifupi 9 pa mwezi. Koma taonani kuti iwo adayamba awerenga, ndipo ora adalisankha potengera zimene adawerengazo. Adaikanso anthu oyendera usiku uliwonse kuona ngati lamulo likutsatidwa. Lamulo lolengezedwa pamsonkhano lopanda woyendera limatha sabata ziwiri.

Chachiwiri pambuyo pa mowa ndi kugula katundu wakuba. Wakuba foni sadya foni. Amafuna ndalama usiku womwewo, ndipo amapita kwa munthu amene ali ndi ndalama m'kabati komanso safunsa mafunso. Nthawi zambiri sizitchedwa kugula, zimatchedwa pinyolo: "Bwana, sungani iyi, mundipatseko kangachepe, ndidzaombola mawa." Mawa lakelo silifika. Mafoni, mabatire a galimoto, mapanelo a sola, masilinda a gasi, mawaya a kopa, mipope ya madzi, zonsezi zimayenda choncho. Shopu imodzi yotere imadyetsa mbava za dera lonse, ngakhale pakhomo pake pakhale bata lotani, ndipo ndi yoopsa kuposa ija ya phokoso. Eni mashopu, kulandira katundu mukudziwa kapena muli ndi chifukwa choganizira kuti ndi wakuba ndi mlandu wokalowa nawo kundende. Foni yopanda chaja, yopanda lisiti, imene wogulitsayo sakudziwa nambala yoitsegulira, yobwera 10 koloko usiku pamtengo wa theka, musaikhudze. Nonse amene muli ndi mafoni, mukafika kunyumba dinani *#06#. Patuluka nambala ya manambala 15 yotchedwa IMEI. Ilembeni m'kope, osati mufoni momwemo. Foni ikapezeka pa pinyolo, nambala imeneyo ndiyo ikuchitireni umboni kupolisi.

Tsopano tibwere ku ganizo lotseka. Ku Los Angeles ofufuza awiri, Tom Chang ndi Mireille Jacobson, adaunika zimene zimachitika malesitilanti akatsekedwa kwa masiku ochepa chifukwa cha ukhondo. Zotsatira zake zidatuluka mu 2017. Malowo akatsekedwa, umbava wa pafupi pomwepo unkakwera, makamaka m'makwalala amene oyenda pansi ndi ochepa kale. Bizinesi yotsegula imabweretsa maso: wogulitsa, wogula, wodikira chenje, wa kabaza amene waima kugula mayunitsi. Mukalamula kuti onse azitseka 6 koloko, mwazimitsa mababu onse a khwalala nthawi imene anthu akuweruka. Ndipo amene amamvera malamulo a komiti ndi mayi uja wa okala yoyamba. Wa chigubu uja atseka zenera la kutsogolo n'kumagulitsira kuseri.

Ndalama ndi mphamvu zimene tingathere pothamangitsa ogulitsa zikhoza kuchita zambiri pa kuwala ndi kulambula. Mu 2016 mzinda wa New York udaika nyale zowala kwambiri m'malo ena a nyumba za boma zokhalamo anthu wamba, kusankha malowo mwa mayere kuti afananitse bwino ndi amene sadalandire. Milandu ikuluikulu ya panja usiku idatsika ndi pafupifupi 36 pa 100 iliyonse. Ku Philadelphia adalambula mapuloti osiyidwa, kuchotsa zinyalala, kubzala kapinga ndi kuika kampanda kafupi, ndipo kafukufuku wa 2018 adapeza kuti kuomberana kudatsika ndi 29 pa 100 m'madera osaukitsitsa. Kuno mfuti si vuto lathu lalikulu, athu ndi zikwanje ndi zitsulo, koma malo obisalira ndi omwewo: nyumba zosamalizidwa zopanda zitseko, mapuloti a udzu wofika m'chiuno, chimanga cha m'mbali mwa njira miyezi ya February ndi March, timilatho ta pangalande. Kawirikawiri amene akulandani foni pafupi ndi shopu sadatulukire mushopu. Watulukira m'chigoba cha nyumba chili moyang'anana nayo.

Ndiye tingadziwe bwanji kuti m'dera lino malo ovuta ndi ati? Tiwerenge. Apa mumvetsere bwino chifukwa ndi pamene makomiti ambiri amalakwitsa.

Gulani kope limodzi lachikuto cholimba. Tsamba lililonse mulidule mizere isanu ndi umodzi: deti ndi tsiku la sabata, nthawi, malo enieni, chimene chachitika, ngati panali mowa, ndi ngati panali kuwala kapena magetsi anali atazima. Mayina a anthu oganiziridwa musalembemo. Kope limayenda m'manja ambiri, ndipo dzina likalembedwa molakwika mwana wa munthu akhoza kumenyedwa popanda chifukwa. Dzina muzikapereka kupolisi pakamwa. Lembani kwa miyezi itatu yathunthu, kuti mudutse kumapeto a mwezi katatu, popeza masiku a malipiro amasiyana kwambiri ndi pakati pa mwezi. Pa pepala lalikulu jambulani mapu a dera, muikepo shopu iliyonse, komanso mashabini, malo a kachasu, nyumba za vidiyo, matebulo a pulu, masiteji, nyumba zosamalizidwa ndi njira zachidule. Nkhani iliyonse ya m'kope ikhale kadontho kamodzi pa mapu. Pomaliza pitani kupolisi ya dera lino, kudzera kwa wapolisi woona za chitetezo cha m'madera, mufananitse ndi zimene zidalembedwa kumeneko. Sizidzafanana, chifukwa ambiri akaberedwa foni sapita kupolisi, ndipo n'chifukwa chake kope lathu likufunika.

Zolakwika zimene zimaononga kuwerenga kotereku ndi zodziwika. Choyamba, ndipo ndi chachikulu, anthu amatchula malo potengera chizindikiro chodziwika. Munthu walandidwa chikwama pakamlatho, mamita 200 kuchokera pagolosale, koma pofotokoza amati "pagolosale paja", chifukwa kamlatho kalibe dzina. Pakatha miyezi itatu golosale yasenza milandu yonse ya kamlatho. Wolemba azifunsa kuti, "Munaima pati penipeni? Kuchokera pazenera la shopu ndi mapazi angati?" Ngati n'kotheka apite naye akaloze. Chachiwiri, nkhani imodzi imalembedwa katatu chifukwa aifotokoza anthu atatu, wina akuti Lachisanu, wina akuti Loweruka. Lembani zochokera kwa mwini nkhani kapena woona ndi maso. Chachitatu ndi nsanje ya malonda. Amene ali ndi shopu, shabini, kapena m'bale wake wogulitsa m'dera lino asasunge kope. Chachinayi, anyamata kukhala pabenchi n'kumasewera bawo kapena kukangana za mpira si mlandu, ndipo musakulembe. Akamatukwana odutsa, kugwira atsikana kapena kupempha ndalama moopseza, chimenecho lembani monga momwe chachitikira.

Pa anyamatawa ndionjezepo. Mu January 2017 Khothi Lalikulu lidagamula pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa malonda amene adamangidwa m'mamawa akupita kumsika ku Limbe, kuti ndime ya vakabu imene adamumangira ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Munthu samangidwa chifukwa chongopezeka panja. Ngati apolisi alibe mphamvu imeneyo, aneba alibiretu. Gulu la chitetezo likayamba kukwapula aliyense wopezeka pashopu usiku, limataya anthu amene amadziwa zambiri. Anyamata a pabenchi ndiwo amadziwa amene akugulitsa foni lero, ndipo sauza munthu amene adawakwapula dzulo.

Eni mashopu, tsopano ndikulankhula ndi inu, chifukwa pa anthu onse a m'khwalala, amene amaberedwa kawirikawiri ndi inuyo. Mzinda wa Gainesville ku Florida udavutika ndi achifwamba olanda m'masitolo ang'onoang'ono, ndipo mu 1986 udakhazikitsa lamulo: mawindo asatchingidwe ndi zotsatsa malonda, pokhala ndalama pazioneka kuchokera panja, panja pakhale kuwala, m'kabati mukhale ndalama zochepa, ogulitsa aphunzitsidwe, ndipo kuyambira 1987 usiku azikhala awiri. Kulanda kudatsika, ngakhale akatswiri amatsutsanabe ngati zidatheka chifukwa cha ogulitsa awiriwo kapena zinazo. Zambiri mwa izi sizilira ndalama. Chotsani zopachika pakati pa zenera, zikhale m'mbali, kuti muone panja ndipo a panja akuoneni. Babu ikhale pamwamba, mamita awiri ndi theka kapena atatu, mkati mwa kachitsulo kotchinga kuti isaswedwe ndi mwala, ndipo iwalitse pamene kasitomala amaima ndi m'mbali mwa shopu. Babu yoikidwa pansi yoloza kumsewu imathobwa m'maso odutsa, kumbuyo kwake n'kusiya mdima wandiweyani. Panelo ya nyale ya sola muziipukuta fumbi sabata iliyonse, apo ayi ikafika 9 koloko yazima. M'kabati musiye za chenje zokha, zina muzichotsa kawiri kapena katatu patsiku, ndipo musawerenge ndalama pazenera.

A Airtel Money ndi Mpamba, ngozi yanu yaikulu si pakauntala. Ili pa njira yochokera pashopu kupita kunyumba, chikwama chili pamsana, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Sinthani ndalama zambiri zikhale mufoni dzuwa lisanalowe, sinthasinthani njira ndi nthawi, ndipo mashopu oyandikana muzitsekera limodzi kuti wina asatsale yekha. Nthawi yokhoma loko ndi imene mwapereka msana kumsewu manja onse ali otanganidwa, choncho wina aziima kuyang'ana. Achifwamba akafika ndi zikwanje, perekani. Musalimbane nawo, musawathamangire. Yang'anani nsapato, zipsera, kayankhulidwe ndi kumene alowera.

Kope likaonetsa kuti shopu inayake ndi yovutadi, pali ndondomeko yake. Apite anthu atatu masana, mmodzi akhale mayi, mmodzi wochokera kwa a Mfumu, akakumane ndi mwini wake weniweni, osati mnyamata wa pakauntala. Atenge mapu. Munthu ukamuuza kuti "shopu yanu ndi ya mbava" amakana ndipo mwadana. Ukamuonetsa timadontho ndi madeti ake amakhala chete n'kuyamba kufunsa. Mumupatse zinthu zochepa zooneka ndi maso, zolembedwa, zoti achite pa masiku 30: chigubu chichoke, benchi ichoke ikakwana nthawi yakuti, babu iikidwe kuseri, pinyolo atheretu. Asaine, a Mfumu asunge pepala lina. Masiku 30 akatha osasintha, pitani kwa mwini nyumba ngati shopuyo ndi ya lendi. Eni nyumba ambiri safuna dzina la puloti yawo limveke kupolisi, ndipo mawu awo amalemera kuposa a komiti. Zikakanika apo, kalata ipite ku khonsolo kudzera kwa a Khansala, yonena za mowa wopanda chiphaso, ndi madeti ochokera m'kope. Za katundu wakuba ndi chamba musayambe n'kukambirana, zimenezo ndi za apolisi kuyambira tsiku loyamba, chifukwa mukachenjeza katundu amasamuka usiku womwewo. Komiti ilibe mphamvu yokhoma shopu ya munthu, kulanda katundu kapena kulipiritsa chindapusa cha m'thumba. Ikayamba kutolera ndalama kwa ogulitsa mowa kuti iwasiye, yasanduka mbali ya vuto, ndipo izi zimachitika msanga kuposa mmene mukuganizira.

Pali funso kumbuyoko. Amayi akufunsa kuti nanga mashopu a anthu obwera, si amene abweretsa zonsezi?

Amayi, kope lilibe mzere wa kumene munthu adachokera, ndipo ndachita dala. Ambiri muno muli ndi ana kapena alongo ku Joni. Kumeneko timashopu ta m'malokeshoni amatitcha spaza, ndipo tambiri timayendetsedwa ndi anthu ochokera ku Somalia, Ethiopia, Bangladesh ndi maiko ena. Mawu akuti obwera ndiwo abweretsa umbava akhala akumveka kumeneko kwa zaka zambiri. Mu May 2008 anthu 62 adaphedwa pa ziwawa zolimbana ndi obwera. Mu April 2015 zidabukanso ku Durban, ndipo boma lathu lidachita kutumiza mabasi kukatenga Amalawi. Gulu likayamba kuthyola shopu silifunsa pasipoti, ndipo amene amanyamula katundu pa chipwirikiti chotero ndi mbava zomwe zija timati tikuthana nazo. Kuno wogulitsa akhale wa ku Burundi, wa ku Rwanda, wa ku Ntcheu kapena wobadwira m'khwalala lomwelino, mafunso ndi omwewo: akugulitsa mowa wopanda chiphaso? Akulandira pinyolo wa katundu wakuba? Pakhomo pake pali kuwala?

Nkhani ya ku Joni ili ndi phunziro linanso la eni mashopu. Mu October 2024 ana asanu ndi mmodzi adamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndipo zoyeza zidapeza mankhwala a tizilombo otchedwa terbufos, amene anthu amagula mwamseri kuti aphere makoswe. Mwezi wotsatira Pulezidenti Cyril Ramaphosa adalamula kuti spaza zonse zilembetsedwe. Kuno nako timapeza tameki ndi mankhwala ena a makoswe atamangidwa m'timapepala topanda dzina, ali shelefu imodzi ndi mabisiketi. Komiti ikamayendera mashopu iyang'anenso zimenezo. Mankhwala akhale m'chitini chotseka, pansi, kutali ndi chakudya, ndipo asaperekedwe kwa mwana.

Bambo apa akufunsa kuti ndiye ora lotsekera tiike liti. Lero musaike. Pakatha miyezi itatu mudzaona nokha pa mzere wa nthawi pamene timadontho tayamba kuchuluka. Zikadzaoneka kuti ndi kuyambira 10 koloko Lachisanu ndi Loweruka, ndipo pafupifupi ponse pali mowa, lamulo lanu lidzakhudze kugulitsa mowa pa maola amenewo, wogulitsa buledi ndi makandulo mudzamusiye. Zikadzaoneka kuti ndi 5 koloko m'mamawa pa njira ya kusiteji, mashopu onse ali chitsekere, ndiye kuti nkhani ya mashopu yatha, tidzakambe za kutchetcha ndi zoperekezana.

Zimene zingayambe mawa osadikira kope ndi ziwiri. Eni mapuloti a udzu ndi nyumba zosamalizidwa auzidwe kudzera kwa a Mfumu kuti atchetche ndi kutseka makomo ndi njerwa kapena malata. Ndipo aneba akagwira munthu usiku, apite naye kupolisi nthawi yomweyo, wosamenyedwa, pamodzi ndi katundu amene wapezeka naye ndi mboni imodzi yokalemba sitetimenti. Milandu yambiri imafera kupolisi chifukwa amene adagwira wakuba sabweranso kukachitira umboni, kenako timadandaula kuti apolisi amutulutsa. Malamulo amafuna kuti womangidwa akaonekere kukhothi pasanathe maola 48, ndipo popanda mboni wapolisi alibe chopita nacho kumeneko.

A Tcheyamani, tisanabalalike pasankhidwe anthu awiri osunga kope, mmodzi wa kumtunda, mmodzi wa kumunsi kwa msewu, onse opanda shopu. Mapu tijambule pompano anthu adakalipo, chifukwa njira zachidule amazidziwa bwino ndi ana asukulu ndi amayi otunga madzi.